Bwanji mafilimu ochokera ku magemu oopsa saopsa ngati magemuwo?

Funso: Ndimakhala ku Ulongwe, ndipo madzulo ndikatseka kagolosale kanga ndimakonda kuonera mafilimu oopsa pafoni. A Resident Evil ndinawaonera onse ndipo ndinawakonda, ngakhale kunena zoona sanandiopse. Mphwanga amene amaphunzira ku Tete akuti mafilimu amenewa ndi zinyalala, anaononga gemu, ndipo ine ndilibe pakamwa poti sindinagwirepo kontirola. Kodi akunena zoona? Nanga bwanji filimu ya ufiti ya ku Nigeria imandisowetsa tulo, pomwe mazombi a azunguwa ndimawaonera kwinaku ndikukukuta chimanga chootcha?

Yankho: Achimwene, pakamwa muli napo. Ngati filimu singamveke pokhapokha munthu atayamba wasewera gemu yake, wolakwa ndi amene anaipanga. Amene anaika ndalama zawo pa mafilimu a Resident Evil ankasaka anthu ngati inuyo, chifukwa osewera gemuyo paokha sakanadzaza maholo a kanema. Ndipo anakupezanidi. Mafilimu 6 amene Milla Jovovich anasewera kuyambira 2002 mpaka 2016 anabweretsa ndalama zoposa $1 biliyoni onse pamodzi. Komabe mphwanuyo sakungobwebweta. Pali chinthu chimene iye anachimva m'thupi mwake akusewera, chimene m'mafilimumo mulibe, ndipo mwachitchula nokha pamene mwati sanakuopseni.

Kuti mumvetse chimene akulirira, muyenera kudziwa mmene gemu yoyamba inalili. Inatuluka mu 1996 pa PlayStation, yopangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Capcom motsogozedwa ndi Shinji Mikami. Wosewera amatsekeredwa m'chinyumba chachikulu cha m'nkhalango. Mfuti ali nayo, koma zipolopolo ndi zochepa moti sangaphe chilichonse chimene wakumana nacho, ndiye pa khonde lililonse amayenera kusankha kuombera kapena kuzemba. Katundu amene anganyamule ndi wowerengeka: akasankha kusewera ngati Chris ali ndi malo a zinthu 6, akasankha Jill ali ndi malo a zinthu 8. Akatenga mankhwala, mwina kiyi asiya. Ngakhale kusunga pamene wafika kuti akafa asayambirenso kutali kumafuna riboni ya taipilaita, ndipo maliboniwo amatha. Kamera nayo simutsata kumbuyo, imangokhala pakona ya chipinda pamene opanga anaiika, ndiye nthawi zambiri amamva kubuula ndi kukhwekhwereza mapazi asanaone mwini wake. Akafika pachitseko, gemu imaonetsa chitsekocho chikutseguka pang'onopang'ono mumdima. Kwenikweni ankabisa nthawi imene makina akuwerenga chipinda chotsatira kuchokera pa CD, koma masekondi amenewo ndi amene mtima wa wosewera umagundira kukhosi.

Taonani kuti pa zonsezi sindinatchule maonekedwe a chilombo. Mazombi (akufa oyenda odya anthu) a mu 1996 anali tizithunzi tamakonamakona toti mwana wa lero akhoza kutiseka. Choopsa chinali chakuti chitseko chija sichitseguka mpaka iweyo utadina batani. Ukaima, nkhani imaima. Ukafa, palibe womuloza chala, wawononga zipolopolo ndiwe. Munthu woonera filimu akhoza kutseka maso, kapena kupita kukathira madzi pa mbaula, filimu n'kumapitirira yokha. Wosewera akatseka maso wadyedwa.

Ndiye wopanga filimu akatenga gemu yotere, chinthu choyamba chimene amataya, afune asafune, ndi kontirola, ndipo mantha ambiri amapita nayo limodzi. Zomwe zimamutsalira m'manja ndi mayina, zovala, nyumba ndi zilombo. Ntchito yake yeniyeni ndi kupeza china choti chilowe m'malo mwa udindo umene wosewera anali nawo. Njira imene filimu ili nayo ndi imodzi basi: kukuchititsani kuti mumukonde munthu wa pa sikirini mpaka muziopa m'malo mwake, ndipo munthuyo akhale wofooka kuposa chimene chikumusaka.

Apa ndi pamene Paul W. S. Anderson, amene analemba mafilimu onse 6 n'kutsogolera 4 mwa iwo, anatenga njira ina. Bamboyu ndi wa mafilimu a ndewu, ndi yemwe uja anapanga Mortal Kombat ya 1995. Anabweretsa Alice, amene Milla Jovovich amasewera, munthu amene m'magemu mulibe, ndipo pofika filimu yachiwiri Alice anali atasanduka chiphona chodumpha makoma, chothamanga chotsika pakhoma la nyumba yosanja, chokhala ndi zipolopolo zosatha. Munthu wotere simungamuopere. Mumangodikira kuona kuti awapha bwanji. N'chifukwa chake chimanga chinkatsika bwinobwino kukhosi. Munkaonera filimu ya ndewu yovala malaya a filimu yoopsa, ndipo monga filimu ya ndewu ina mwa iyo ndi yokoma ndithu, ineyo ya 2002 ndi ya 2007 ya m'chipululu ija ndimazionerabe. Chigawo chimodzi chokha chimene chimaopsadi mu filimu yoyamba ndi cha m'kakhonde ka magalasi, pamene kuwala kwamphamvu kwa makina (laser) kukudula asilikali. Pamenepo mfuti ilibe ntchito, chitseko chatsekedwa, ndipo anthuwo akuona imfa ikubwera. Kwa mphindi zochepa zimenezo filimu inagwira chimene gemu inali nacho, ngakhale kuti chigawocho sanachitenge mu gemu.

Mwina mphwanu anakuuzani kuti mankhwala ake ndi kutsata gemu ndendende. Anayesa. Mu 2021 kunatuluka Resident Evil: Welcome to Raccoon City, ya Johannes Roberts, yokhala ndi Chris, Jill, Leon ndi Claire, chinyumba chija, polisi ya mu gemu yachiwiri, zonse zokopedwa mosamala. Koma anapanikiza nkhani za magemu awiri mu filimu yosakwana maola awiri, anthu ake sitinapeze mpata wowadziwa, ndipo ndalama zimene inapeza sizinayandikire n'komwe za mafilimu a Alice. Wosewera amasangalala akazindikira chipinda chimene anaferamo kambirimbiri. Inu amene simunaferemo mumangoona chipinda.

Filimu ya Doom ya 2005, mmene muli Dwayne Johnson ndi Karl Urban, inafika poyesa kubwezeretsa maso a wosewera. Chakumapeto kuli mphindi zingapo pamene kamera imasanduka maso a msilikali, mfuti ili kutsogolo, zilombo zikutulukira m'makona monga mu gemu ya 1993. Zotsatira zake mumangomva ngati mwaima kumbuyo kwa mnyamata amene akusewera m'kanyumba ka magemu pamsika, mukudikira kuti akupatseni kontirola koma osakupatsani. Za mafilimu a Uwe Boll, House of the Dead ya 2003 ndi Alone in the Dark ya 2005, musataye nazo mabandulo anu.

Imene inayandikira kwambiri, m'kuona kwanga, ndi Silent Hill ya 2006 ya Christophe Gans wa ku France. Gemu yake ya 1999, ya kampani ya Konami, ili ndi mbiri yosangalatsa. PlayStation yoyamba inalibe mphamvu zojambula msewu wonse mpaka patali, ndiye opanga anakuta tauni yonse ndi chifunga kuti abise kufooka kwa makinawo. Chifungacho n'chimene chinasanduka mtima wa gemu. Anamupatsanso wosewera kawailesi kam'thumba kamene kamayamba kuchita phokoso chilombo chikayandikira, ndiye umadziwa kuti chilipo koma osadziwa kuti chili mbali iti. Inu a ku Angónia amene mumadzuka m'mwezi wa June chifunga chitaphimba dambo simukufunika kufotokozeredwa zambiri. Gans anasunga chifunga, anasunga sairini imene imalira mdima usanagwe, anagwiritsanso ntchito nyimbo za Akira Yamaoka za m'magemu momwemo. Anasintha chinthu chachikulu chimodzi, mu gemu ndi bambo, Harry Mason, amene akusaka mwana wake wamkazi, mu filimu ndi mayi, Rose. Ola loyamba limagwira mtima, chifukwa mayiyo alibe mphamvu iliyonse yapadera, ali ndi tochi ndi miyendo basi. Kenako filimu imaima n'kuyamba kutifotokozera mbiri yonse ya tauniyo, ndani anaotcha ndani ndipo chifukwa chiyani, ndipo mantha amaphwa pomwepo. Mu gemu mbiri imeneyo umaitola wekha pang'onopang'ono m'timapepala ndi pa zipupa, mwina osaimvetsa yonse, ndipo kusamvetsako kumakutsata mpaka pamphasa.

Amene anazindikira bwino vuto la kontirola ndi Craig Mazin ndi Neil Druckmann, pamene ankasandutsa The Last of Us, gemu ya 2013, kukhala sewero la pa TV limene linayamba ndi magawo 9 pa HBO mu 2023. Druckmann ndi mmodzi mwa amene anapanga gemuyo, ndiye palibe anganene kuti sankaidziwa. Mu gemu umapha anthu ambirimbiri amene matenda a bowa awasandutsa zilombo, chifukwa zala ziyenera kukhala ndi chochita. Mu sewero anawachepetsa kwambiri, moti magawo ena amatha osaona chilombo n'chimodzi chomwe. Osewera ena anadandaula. Koma wopha adani mazana pa sikirini amatopetsa, pomwe chilombo chooneka kamodzi pa ola chimakhala ndi ulemu wake. Nthawi imene anapulumutsayo anaithera pa Joel ndi Ellie, bambo amene mwana wake anafera m'manja mwake ndi kamtsikana kamene sakufuna kukakonda. Pofika pakati pa seweroli umakhala ukuopa ngakhale chitseko chikangolira, chifukwa tsopano uli ndi anthu oti uwataye. Bowa wake, Cordyceps, alipodi m'chilengedwe ndipo mitundu ina imalowa m'nyerere n'kuzilamulira, koma anthu sawagwira motero, musadere nkhawa bowa wa m'dzinja.

Palinso ina yosiyana ndi zonsezi. Five Nights at Freddy's, gemu imene Scott Cawthon anatulutsa mu 2014, imakuika pa ntchito ya ulonda wausiku pamalo ena pamene ana amapita kukadya. Sumayenda, umangokhala mu ofesi kuyang'ana makamera, ndipo zidole zikuluzikulu zimasendera kwa iwe. Zitseko ukhoza kutseka, koma kutseka chitseko, kuyatsa getsi ndi kuyang'ana kamera zonse zimadya magetsi, ndipo magetsiwo ayenera kukufikitsa 6 koloko m'mawa. Zili ngati kuyang'ana mita ya magetsi olipiriratu ya Credelec usiku mayunitsi akutsika, m'thumba mulibe kanthu, mufiriji muli nyama ya eni. Filimu yake ya 2023 inapangidwa ndi ndalama pafupifupi $20 miliyoni n'kubweretsa pafupifupi $300 miliyoni, ngakhale kuti olemba za mafilimu ambiri sanaikonde. Anaifewetsa kuti achinyamata a zaka 13 azitha kuionera, nkhani ya magetsi ija sanaiike pakati, ndipo anaidzaza ndi tinthu timene okonda gemuyo okha ndi amene angatizindikire. Imeneyo ndi filimu ya mphwanu. Inu mukaionera mwina mudzagona isanathe, ndipo mudzakhala simunalakwe.

Tsopano za ku Nigeria. Yankho lake likuchokera pa muzu womwewu, kuti munthu amaopa chimene chingamukhudze iyeyo. Mazombi a Resident Evil amabwera chifukwa cha kachilombo kopangidwa mu labu ya kampani ya Umbrella pansi pa mzinda wa ku America. Palibe munthu wa ku Dómue kapena ku Tsangano amene amagona akuganiza zimenezo. Filimu ikatha, nkhaniyo imatsala mufoni. Koma tengani Living in Bondage ya 1992, imene ambiri amaiwerengera ngati chiyambi cha Nollywood, ntchito yopanga mafilimu ya ku Nigeria. Mwamuna wotopa ndi umphawi akupereka mkazi wake nsembe kuti alemere, akulemeradi, kenako mzimu wa mkaziyo ukumusowetsa mtendere. Inajambulidwa ndi kamera wamba, yogulitsidwa pa matepi, zoopsezera zake n'zoseketsa tikaziona lero. Koma ikatha, inu mumatseka golosale n'kudutsa pa sitolo ya munthu amene anthu amamunong'oneza kuti analemera mwadzidzidzi. Nkhaniyo yatuluka mufoni, yakuperekezani mpaka kunyumba. Woipa wake ndi munthu wa m'banja, ndipo nsembe yake ndi munthu amene amagona naye nyumba imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti zombi woyambirira anali pafupi kwambiri ndi zimene ife timamva kwathu kuno. M'zikhulupiriro za ku Haiti, ndi munthu wodzutsidwa ndi wamatsenga kuti azimugwirira ntchito wopanda mawu ndi nzeru zake, chimodzimodzi nkhani za ndondocha zimene tinakula tikuzimva. Anali George Romero, ndi Night of the Living Dead ya 1968, amene anabweretsa akufa odya anthu oyenda m'chigulu, ndipo magemu anatengera kwa iyeyo. Romero yemweyo analembapo filimu ya Resident Evil chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, eni ndalama n'kuikana. Wina atapanga filimu ya ndondocha yojambulidwa m'nkhokwe ya chimanga ku Macanga, ndikukhulupirira chimanga chanu chikhoza kukutsamwani. Koma ndinene pano, poti mafilimu a ufitiwa ali ndi mbali ina imene sindiikonda. Zombi wa ku America alibe m'bale m'mudzi mwanu, pomwe mfiti ya mu filimu kawirikawiri imakhala ndi nkhope ya gogo wosauka kapena mayi wamasiye, ndipo pali okalamba amene amamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi chifukwa chongowaganizira. Onerani, sowani tulo ngati mukufuna, koma mantha a mu filimu asakapeze nkhope ya munthu weniweni.

Kaoneredwe nakonso kali ndi mbali yake, ndipo apa sitingawaimbe mlandu a Hollywood. Filimu yoopsa imadalira mdima ndi phokoso. Ikapanikizidwa kuti ikhale yaing'ono yotumizirana pa memori kadi, mbali zamdima ndi zimene zimayamba kuwonongeka, zimasanduka timabokosi totuwa, ndiye chinthu chimene chimayenera kuoneka pang'ono pakona sichioneka n'komwe. Sipika ya foni nayo situlutsa mawu apansi aja ogunda pachifuwa. Ndiye pali mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ a ku Malawi, amene amatipeza kudzera ku Calómue ndi ku Zóbue. Pa filimu ya karate anyamata amenewo ndi akatswiri, amaikometsa kuposa eni ake. Koma filimu yoopsa imafuna bata, ndipo DJ bata samalipirira. Pamene Rose wa mu Silent Hill uja akuyenda mwakachetechete m'khonde la sukulu, iye waponya kale nthabwala, nyumba yonse ya kanema ili m'phwete. Zomasuliridwa m'Chipwitikizi cha ku Brazil zimasunga bata, ngakhale mawu ake nthawi zina amamveka aukhondo kwambiri pakamwa pa munthu amene akuthamangitsidwa. Ngati mukufuna kuipatsa filimu mpata woti ikuopseni, pezani kope labwino, valani mahedifoni, zimitsani nyali.

Muzisiyanitsanso kudzidzimuka ndi kuopa. Phokoso ladzidzidzi limadzidzimutsa aliyense, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, pakapita mphindi imodzi mwaiwala. Mbale ikagwa kukhitchini imachita zomwezo. Kuopa kwenikweni kumamangidwa ndi kudikira. Pojambula Jaws ya 1975, chinsomba chamakina chimene Steven Spielberg anakonzeredwa chinkangowonongeka m'madzi a m'nyanja, ndiye anakakamizika kuchionetsa pang'ono kwambiri, n'kusiya nyimbo ndi madzi kuti zigwire ntchito. Ndi nkhani yofanana ndi ya chifunga cha Silent Hill. Mafilimu ambiri ochokera ku magemu ali ndi ndalama zokwanira kuonetsa chilombo chonse, kuyambira kumutu mpaka kuzala, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amachionetsadi chifukwa akudziwa kuti osewera akudikira kuchiona.

Ngati muli ndi ana pakhomo, mafilimu 6 a Alice aja ku America anawaika m'gulu la akuluakulu, ndipo The Last of Us ndi Silent Hill si za ana ngakhale pang'ono. M'nyumba za kanema za m'misika palibe amafunsa zaka pakhomo, koma foni yanu ndi yanu.

Mphwanuyo akabwera pa tchuthi, m'malo mokangana muuzeni akupatseni kontirola. Asakuyambitseni ndi Resident Evil 4 ya 2005, imene imapezeka kwambiri pa ma PlayStation 2 akale, chifukwa imeneyo ndi yokoma koma inapendekera kale ku ndewu. Ngati ali ndi makina amphamvu, pemphani Resident Evil 7 ya 2017, imene imakuikani m'maso mwa munthu wamba wosaka mkazi wake m'nyumba yakutha ya ku Louisiana, poyamba wopanda chida chilichonse. Ngati makina palibe, Five Nights at Freddy's yoyamba ilipo ya pa Android, ndi yogula koma siifuna foni yapamwamba. Usiku woyamba ndi wophweka, ndi wongokuphunzitsani mabatani. Mudzaweruze mukafika usiku wachitatu. Iyenso mumukhazike pansi aonere nanu imodzi mwa za ku Nigeria zimene zimakusowetsani tulozo, kenako mumutume yekha akatseke khola la mbuzi.